Batire Lodziwa Malo

Gulalai ankakanda ufa wa buledi wamadzulo pamene Palwasha, mlongo wa mwamuna wake, anasuzumira pakhomo.

"Alamu, basi ya achimwene yafanso, pa siteji ya kumanda pomwe paja. Ati ndi batire. Batire lanji lodziwa malo?" Anaseka n'kumapita.

Gulalai anasamba m'manja, akupempha Mulungu amuchotsere maganizo oipa. Komabe anatuluka. Ankafuna amuone yekha mkazi amene ankaganiza kuti mwamuna wake amakumana naye kumeneko.

Anaipeza basi ili zii, anthu atatsika kale, magetsi atazima. Nyale imodzi yokha inkayaka, ya pamipando ya amayi. Pansi pake panakhala mayi atafunda nsalu yobiriwira ya chigamba paphewa.

Chigambacho anachisoka Gulalai yemweyo, akudwazika Zarmina, mkazi woyamba wa mwamuna wake, pamene anali chabe mnansi wawo. Chimwalirire Zarmina, nsaluyo inkakhala m'bokosi, ndipo kiyi wake anali m'khosi mwa Gulalai. Anakhudza kiyiyo. Analipo.

Chitseko cha basi chinatseguka chokha.

Mwamuna wake, Wazir, anali pachiwongolero atazolika. Sanacheuke.

"Ndikhululukire, Zarmina," anatero mokweza. "Ndinamukwatira chifukwa cha ana okha."