Sitima Yopanda Mabuleki

"Choka m'njira, iwe!" anakalipa Whyson, dalaivala wa minibasi, akumenya kiyibodi m'kashopu ka magemu ku Mtendere.

Sitima yake yankhondo yapamadzi pakompyutapo inali yakalekale ya ku Germany, yodzaza mizinga koma yoyenda ngati ngolo. Kutsogolo kunali sitima ya mnzake wa timu yomweyo. Pofuna kuipitirira mwachangamu, Whyson anaigunda m'nthiti, ndipo adani anamiza zonse ziwiri.

"Ni eve wanigunda! Mwaona?" anakuwa, akutembenuka kufuna mboni.

Kumbuyo kwake kunali kutaima ba Hamdani, eni ake minibasi, omwe anamusaka tsiku lonse kuti afotokoze za ngozi imene anachita dzulo ndi minibasiyo.

"Naona bwino," anatero, akutambasula dzanja. "Na dzulo pa foni unakamba chimodzimodzi. Leta makiyi."