Tsiku Lomwe Juliet Anasowa pa Intaneti

Inu amene mumawerenga mwakachetechete osasiya komenti, ndakuonani! Sendezani foni pafupi. Ya lero ndi ya Jonah wa ku Kapata, ndipo akandipeza andimenya.

Lolemba m'mawa, m'kaofesi kena kuseri kwa mashopu mu Chipata, apu inakana kudzuka. Anailemba ndi Jonah ndi Tryness, mkazi amene amukwatire mwezi wamawa. Mwini wake ndi Bambo Asmani, ogula nshawa, mtedza uja. Ntchito ya apuyo ndi kuuza alimi pafoni tsiku lomwe lole ifike, kuyambira midzi ya kuno mpaka kudutsa malire a pa Mwami kulowa m'Malawi. Uthenga umayenera kupita isanakwane 12 awazi masana, apo ayi lole ikapeza matumba asanasokedwe.

Mvetsani kaye apa. Olemba mapulogalamu salemba zonse okha. Amabwereka tizidutswa ta makodi, amati mamodyulo, tomwe anthu ena anaika pa intaneti kwaulere. Ukasamutsa apu kupita pa seva yatsopano, kompyuta yomwe apuyo imakhalamo, monga anachitira m'mawawo, imakatenganso tizidutswa tonse kwa eni ake. Kamodzi kakasowa, zonse zaima.

Ndiye kamodzi kanasowadi.

"Ufiti weniweni uwu!" anakalipa Jonah. "Munthu ungachotse chinthu anzako akuchigwiritsa ntchito? Ameneyu sanaleredwe. Ndikamupeza andidziwa!"

Anatsitsa sikirini kuti aone dzina la kamodyulo kosowako. Linali m'zilembo zofiira: juliet-wanga.

Jonah anawerenganso dzinalo kachiwiri.

Abale, kameneka anakalemba ndi Jonah yemweyo, ali ku koleji, atabisala pa dzina loti Mkango260. Kanali kosiyanitsa nambala za foni za Zambia ndi za Malawi. Kanali kabwino ndithu. Vuto ndi loti nthawiyo n'kuti akufera mtsikana wina, Juliet, moti pakati pa makodi anathiramo ndakatulo. Mavesi asanu ndi limodzi! Pomwe kwa Tryness, Jonah analumbira kuti, "Mtima wanga sunagundepo chifukwa cha wina."

Ndiye dzulo lake, pochokera ku maphunziro a ukwati kutchalitchi, anasesa zakale zonse. Zithunzi, mameseji, akaunti ya Mkango260 yonse, psiti. Ankati ndani angagwiritse ntchito kanthu ka mwana wasukulu? Sankadziwa kuti kali m'mimba mwa apu yake yomwe.

Anapotoza laputopu pang'onopang'ono kuti iyang'ane kukhoma.

"Mwam'peza wosaleredwa uja?" anafunsa Bambo Asmani.

"Aa, ndi azungu ena ake, bwana. Achotsa kosiyanitsa nambala za kuno ndi za ku Malawi."

"Azungu? Nambala za ku Mchinji azidziwira kuti azungu?"

Jonah anatsokomola. Tryness, pa desiki yake, ankangosenda lalanje. Kafulashi kobiriwira kosungira mafayilo komwe amamangirira ku makiyi kankalendewera pa chala chake.

"Kakutchedwa chiyani kamodyuloko, aJonah?" anafunsa Tryness. "Nenani. Ndikuthandizeni kufufuza."

"Ayi ayi, amayi, musavutike. Dzina lake ndi lovuta kutchula."

Jonah anafufuza mu imelo yakale. Mulibe. Laputopu ya ku koleji inafa kalekale. Anayesa kukalembanso kuchokera m'mutu, koma zomwe zinkabwera ndi ndakatulo zokhazokha. Makodi ataiwalika, "maso ako ngati nyali za basi ya ku Lusaka" ali chilili.

Foni ya Bambo Asmani inalira kachitatu. Dalaivala amafunsa ngati anyamuke mawa kapena ayi.

"Achimwene, kwatsala mphindi makumi awiri," anatero Bambo Asmani. "Alimi mazana atatu akudikira inu."

Jonah anaponya maso pa zilembo zofiira zija. Anayang'ana wotchi, anayang'ana Tryness. Akatchula dzina lija, mwina Tryness apeza kope kwinakwake, alimi apulumuka. Koma ukwati? M'maganizo anaona kale ankhoswe atakhala pabwalo, wina akuwerenga vesi lachinayi mokweza.

Anaimirira, manja kumbuyo ngati mwana wogwidwa ndi shuga pakamwa.

"Tryness, wochotsa uja... wosaleredwa uja... ndine. Komanso pali za dzina lake. Ndinakunamiza. Kunali wina kale."

Tryness anapukuta zala, n'kumasula kafulashi kaja, n'kukalowetsa mu laputopu ya Jonah. Anadina kawiri katatu. Zofiira zija zinasanduka zobiriwira, foni ya Bambo Asmani n'kulira kuti uthenga wapita.

"Ndinakalowetsa mu apu ndine, chaka chatha, n'kusunga kope," anatero akubwerera ku lalanje lake. "Nambala yoyesera m'katimo ndi yanu yomweyi, a Mkango. Makodi ndi abwino. Koma ine za nyali za basi musadzayerekeze."

Tsopano inu, chomwe munafufuta mothamanga kumachiyesa chinsinsi, eni ake atachiloweza kale pamtima, n'chiyani? Lembani pansipa. Maina sinditchula, kupatula ngati ili yokoma kuposa ya Jonah.