Nthenga m'Laputopu ya a Tihomir

Vojin anaigadamitsa laputopu ya bambo ake pathebulo la kukhitchini n'kuyamba kuimasula. Inali idakali yotentha ngati simbi yositira.

"Imayamba ndi kulira fuu, kenako thii, mdima," anatero a Tihomir ataima kumbuyo kwake. "Lero uikonze zenizeni."

Aka sikanali koyamba. Chiyambireni chilimwe, Loweruka silinkadutsa foni osalira: bwera, chinthu chija chatenthanso. Ndipo ulendo uliwonse Vojin ankapeza zomwezomwezo, timabowo topumira titatsekeka ndi fumbi komanso tinthenga ta m'pilo. Anawauza kuti asamaiike pabedi. Anawagulira kathabwa koikapo, sabata yotsatira anawapeza akudulirapo anyezi. Zotsegula zenera sanazitchule n'komwe. Kuno mumzinda wa Niš kumuuza nkhalamba kuti itsegule zenera chitseko chili chotsegula ndiye kuti ukuifunira maliro. Ife fodya timasuta, kachasu wa mapulamu timamwa m'mawa, koma chimene timaopa ndi kamphepo kodutsa m'nyumba.

Vojin anaiganizira nkhaniyi mpaka anaitulukira. Munthu amene wakalamba akukonza mainjini a sitima zapamtunda angalephere kumva zoti fani yoziziritsa laputopu imafuna mpweya? Ayi ndithu. Mdalayo ankachita dala. Chimwalirireni amayi nyumbayo inangoti zii, ndipo laputopuyo ankaipeza nthawi zonse papilo wa malemuwo. Bambo ankaitsamwitsa kuti mwana wawo abwere. Tsiku limene anazindikira zimenezi, Vojin analira m'basi, mayi wina mpaka anamupatsa mpango.

Ana aamuna a kuno tili ndi matenda amodzi, ine ndemwe ndili nawo. Timaganiza kuti tikangosamuka, kwa makolo athu dzuwa lisiya kutuluka.

Tsono panali nkhani ya ntchito. Kampani ina ya ku Stuttgart, ku Germany, inamuitana, malipiro ake oti munthu n'kuwongoka msana. Mkazi wake Dušica anali atayamba kale kuphunzira Chijeremani, ankachita kupatsa moni galu m'chinenerocho. Yankho linkafunika lero. M'mawa womwewo Vojin anawalembera kuti zikomo, koma sabwera. Dušica sanakalipe. Anangowiritsa khofi wokwana kapu imodzi n'kumwa yekha.

Zinamuwawa, inde, komabe pothothola nthenga m'fanimo ankadzimva kukoma mtima kwake. Ana otere atsala angati masiku ano? Anapemerera fumbi, n'kusuzumira bambo ake. Mdalayo anali atameta ndevu, atavala malaya ositasita, akungozungulira pakati pa chitofu ndi chitseko. Vojin anasiya kupemerera. Zonsezi chifukwa cha kubwera kwa iye!

"Bambo," anatero mofatsa, "musamavutikenso ndi pilo. Ndinadziwa kalekale."

A Tihomir anaima. Makutu awo anafiira. "Wadziwa chiyani? Wakuuza ndani?"

"Palibe wandiuza, ndine mwana wanu. Ku Germany ndakana m'mawa uno. Ndizibwera Loweruka lililonse, itenthe isatenthe."

Mdalayo anamuyang'ana kukamwa kuli yasa.

"Wakana? Iwe, mutu wakowo ndi umene ukufunika fani. Tamanga chinthucho msanga, nthawi ikutha."

Vojin anangomwetulira. Amuna a msinkhu umenewo misozi amaibisa m'mawu aukali, ankadziwa. Anabwezeretsa chivundikiro, n'kulimbitsa paliponse, n'kuiyatsa. Fani inazungulira mwakachetechete, kamphepo kozizira bwino kakutuluka m'mbali. Anatambasula manja kuti awakumbatire bambo ake.

Nthawi yomweyo laputopu inalira. A Tihomir anadutsa pansi pa mkono wake n'kudina batani. Pa laputopupo panatulukira nkhope ya mayi wa imvi, milomo yopaka zofiira, kumbuyo kwake nyanja ili mbee.

"Tihomir, ndinu munthu wotani inu? Chilimwe chonse kucheza nane chogona papilo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, tsiku lofunsira ukwati n'kundizimira ndisanayankhe? Ndati inde. Gulitsani nyumbayo, chipinda choyang'ana kunyanja chikukudikirani."

"Ljubinka wanga," anatero a Tihomir uku akumukankha Vojin ndi chigongono. "Tasuntha, mwanawe, ukunditchinga."