Jini wa Chaka Chino

"Kodi sichinafundebe chakumwacho, alamu?" anakuwa Lyle ali pabalaza.

"Dikirani, simufa ndi ludzu!" anayankha Darlene kukhitchini.

Khirisimasi iliyonse, mwamuna wake Vern ndi Lyle, mng'ono wa Vern, akangomwa mowa wa jini wotentha, ankayamba kukangana za munda umene bambo awo anasiya. Chaka chino mwana wamkazi wa Darlene ndi Vern anali atabweretsa bwenzi lake koyamba, ndipo Darlene sanafune kuchita manyazi. Anathira madzi a maapozi m'poto, n'kuponyamo sinamoni, makoko a lalanje ndi jinja wambiri woti aziwawa kukhosi. Botolo la jini analibisa m'makina ochapira zovala, osalitsegula n'komwe.

Atapereka makapu, anaima pakhomo akupukuta manja ouma kale.

Kapu yoyamba inatha mwamtendere. Pa yachiwiri Lyle anayamba kuimba. Pa yachitatu analoza mkulu wake chala.

"Thirakitala ya bambo munagulitsa osandiuza, achimwene!"

"Unali kuti iwe pamene ndinkavutika nayo m'chipale chofewa? Waulesi!"

Mpando unagwa. Lyle anatola chipewa chake, natuluka, n'kumenyetsa chitseko. Mlendo uja anangoyang'ana m'kapu mwake.

Patapita kanthawi Vern analowa kukhitchini akudzandira, n'kugwira mkazi wake paphewa.

"Sindikukudzudzula ayi, mayi," anatero mofatsa, "koma chaka chino jini unachulutsa."