Maiwe a Ngodya Zinayi

Panali munthu wina, anzake ankangomutcha Setilaiti, amene ankachita digiri ya masitazi ya zojambula mapu pa kompyuta. Nzeru anali nazo, koma matama, eee!

Kafukufuku wake anali wopeza maiwe momwe udzudzu umaswana. Anasankha dera la kwawo, kumene mayi ake ankakhala okha. Anatenga zithunzi zojambulidwa ndi setilaiti kuchokera kumwamba, kompyuta n'kumupezera malo onse akuda ngati madzi. Inapeza maiwe makumi atatu.

Pulofesa wake anati, “Mapu ndi okongola. Tsopano pitani mukawaone maiwewa ndi maso.”

“Ndinakulira komweko, a pulofesa. Ndimadziwa kanjira kalikonse.”

“Munapitako liti?”

Setilaiti anangoseka. Zoona zake, panali patadutsa zaka ziwiri asanapondeko. Mayi ake akaimba foni, yankho linali lomwelo: “Ndatanganidwa, amayi.” Mu lipoti analemba kuti anayendera dziwe lililonse. Bodza lamkunkhuniza!

Tsiku loikira kumbuyo kafukufuku linafika. Akapambana, digiri ndi yake. Mayi ake anabwera pa basi, n'kukhala kumbuyo kwa holo, chikwama chili pamiyendo.

Anaonetsa mapu pakhoma. Mmodzi wa oyesa, mayi wa magalasi, anati, “Takulitsani dziwe lalikululo.”

Anakulitsa.

“Dziwe ili lili ndi ngodya zinayi?”

“Mwina... mwina ndi lokumba.”

“Nanga linalo? Nanga ilo? Onse a ngodya zinayi, andanda m'mbali mwa msewu. Anawakumba ndani?”

Setilaiti mutu unaima. Anadina apa, anadina apo, anabwereza masamu. Kompyuta inkanenabe kuti ndi madzi. Oyesa anayang'anizana. Wina anati mwina ndi maiwe a nsomba, wina anati mwina ndi mithunzi ya mitambo. Pulofesa wake anangogwira kukamwa. Anthu ophunzira okhaokha, koma holo yonse balalabalala.

Kenaka kumbuyo kunamveka mawu a mayi ake. “Pepani, akuluakulu. Msewu wokhotawo si wodutsa pa sukulu uja?”

“Ndi womwewo, amayi, khalani pansi,” anatero Setilaiti, thukuta lili kamukamu.

“Ndiye chachitatu kuchokera pokhotapo, chimene ukuti dziwecho, ndi nyumba yathu.”

Mayi akewo anapitiriza:

“Malata ankadontha. Ndinakuimbira katatu kuti ubwere udzaone. Unati, ‘Ndatanganidwa, ingopakani phula.’ Ndinapaka. Aneba ataona kuti denga lasiya kudontha, nawonso anapaka, msewu wonse. Madenga athu onse ndi akuda bii.”

Mayi wa magalasi anatsegula lipoti. “Apa mwalemba kuti munafika pa dziwe limeneli, munaima m'mphepete mwake, n'kuona mphutsi za udzudzu.”



Mayi ake a Setilaiti anafunsa, osati mokalipa, anali atasokonezeka ndithu: “Unafika pakhomo, mwanangu? Osalowa kudzandipatsa moni?”

Funso limenelo linamuwawa kuposa onse a oyesa aja. Digiri sanamupatse, ndipo anamuchotsa sukulu chifukwa cha bodza. Tsiku lomwelo anakwera basi limodzi ndi mayi ake, n'kukaliona dziwe lija ndi maso, lili ndi chitseko ndi mawindo.

Phunziro: Kompyuta imaona denga, sidziwa amene akukhala pansi pake. Akakuuzani kuti pitani mukaone, pitani, ndipo musalembe kuti munafika kumene simunapondeko. Tumizirani ena, makamaka uja amene wakhalitsa osapita kukaona mayi ake.