Lupanga la Pepala

"Bambo, mukumenyana ndi ndani?" anafunsa Ruolan ataona a Qiao akubwerera chafutambuyo pabwalo m'mawawo, lupanga lili m'mwamba.

"Ndi Pang, nanga ndani? Masewera awa ndi a anthu awiri."

A Pang, mnzawo amene anaphunzira naye lupanga kwa mphunzitsi mmodzi, anamwalira chaka chatha. Chiyambire maliro, a Qiao ankadandaula kuti mnzawoyo amabwera chimanjamanja, ndipo munthu wopanda chida sumuloza ndi lupanga. N'chifukwa chake dzulo lake, patsiku losesa manda, Ruolan anakawotchera malemuwo lupanga la pepala, poti akufa amalandira katundu kudzera mu utsi. Iye ankangofuna kuti bambo ake asiye kudandaula.

"Lero wabwera nalo," anatero a Qiao akumwetulira.

Anazinda, anatchinga, kenaka anakuwa. "Mayo! Kathyali iwe!"

Ruolan anathamangira komweko. Magazi panalibe, koma pamkono wa malaya awo oyera panali mzere wowongoka wa phulusa. Ataukhudza, unali wofunda.

A Qiao anapukusa mutu.

"Mwanangu, unamugulira lalitali kwambiri."