Nyumba Yomangirira ku Nthochi

Lamulo linkati nyumba iliyonse ikhale pa migolo kuti madzi akasefukira iziyandama. Mvula isanayambe, aboma ankatsegula damu kuti ayese mudzi wonse, ndipo banja limene nyumba yake yakokoloka linkasamutsidwira kumsasa.

Fainesi anali atamangirira mbuzi pakhonde, ufa ataupachika kudenga, ana atawamanga zigubu m'chiuno. Chingwe chokha ndicho anasiyira mwamuna wake, Zuze.

Madzi atafika, nyumba inadzuka bwinobwino, kenako inauyamba ulendo.

"Bambo a Tadala, chingwe chija munamanga pati?" Fainesi anafunsa mwamuna wake.

"Pa nthochi," anayankha Zuze, maso ali pansi.

Nthochiyo inkawalondola pambuyo ngati galu. Ana anafa nalo phwete, koma Fainesi ankangoona msasa. Nyumba inadutsa pachigayo n'kukagunda khonde la mayi ake a Fainesi, amene Zuze, monga mkamwini, sankawayang'ana kumaso. Anatsomphola chitenje n'kudzifunditsa kumutu.

Mayiwo anakola chingwecho ndi khasu, n'kuchikulunga pamtengo wawo wa mango bwato la aboma oyendera nyumba lisanatulukire.

"Fainesi, uwauze amuna akowo kuti sindinawaone. Koma nyumba yakhazikika pompano, ndipo munda wanga akuudziwa."